GALILEO GALILEI, MUNTHU AMENE ANAYESA KUYENDA KWA ZINTHU

Yense wa ife amene anatsikapo ndi njinga pa zitunda za tiyi kuno ku Makwasa adziwa kuti njinga iyamba pang'onopang'ono, ndipo liwiro lace linka likula kufikira kucigwa. Koma likula motani? Mwezi uno tikuuzani mbiri ya munthu amene anayankha funso ili.

Galileo Galilei anabadwa m'caka ca 1564 m'mudzi wa Pisa, m'dziko la Italy. Atate wace, Vincenzo, anali mmisiri wa nyimbo, ndipo anafuna kuti mwana wao akhale dotolo. Cotero m'caka ca 1581 anamtumiza ku sukulu yaikuru ya ku Pisa. Koma mtima wa mnyamatayo unakonda masamu, nasiya za mankhwala. M'caka ca 1589 anayamba kuphunzitsa masamu ku Pisa komweko, ndipo mu 1592 anamuka ku Padua, kumene anakhala zaka 18.

Masiku amenewo aphunzitsi anatsata mau a Aristotle, mkuru wakale wa Agriki, wakuti cinthu colemera cigwa msanga monga mwa kulemera kwace. Ambiri anabvomera osayesa, koma Galileo anafuna kuona ndi maso ace. Popeza mwala ugwa msanga, kotero kuti diso silitha kuutsata, iye anatenga thabwa lalitali, nasema ngalande yosalala pakati pace, nalitsamiritsa, nakunkhuniza mpira wamkuwa m'menemo. Wochi yabwino analibe. Nthawi anaiyesa ndi madzi oturuka m'cotengera pa kampopi kakang'ono, nawayesa kulemera kwace pasikelo.

Taonani cimene anapeza. Ngati m'nthawi yoyamba mpira uyenda muyeso umodzi, m'nthawi yaciwiri uyenda miyeso 3, m'yacitatu 5, m'yacinai 7. Pophatikiza, mtunda wonse ukhala 1, 4, 9, 16. Ndiko kunena kuti liwiro liwonjezeka mofanana nthawi iri yonse, monga munthu woika cimanga cofanana m'nkhokwe tsiku ndi tsiku.

Kuti aonetse ici kwa anthu, Galileo anagwiritsa nchito cithunzi ca mizere. Sanali woyamba ai, pakuti Nicole Oresme, bishopu wa ku Lisieux m'dziko la France, amene anamwalira mu 1382, anajambula kale cithunzi cotere. Ana athu acipeza m'sukulu lero, nacicha galafu, ndipo ciwerengedwa motere. Mzere wogona uonetsa nthawi. Mzere woima uonetsa liwiro. Munthu akayenda ndi liwiro losasintha, mzere wa ulendo wace ugona cigonere. Liwiro likamakula, mzerewo ukwera, likamacepa, utsika, ukafika pansi, munthuyo waima. Ndipo malo otsekedwa pansi pa mzerewo ndiwo mtunda umene wayenda.

Tibwerere ku njinga yathu. Iyamba iri ciimire, ndipo liwiro lace likula mofanana kufikira mamita 10 pa sekondi, atatha masekondi 10. Mzere wace ukwera molunjika, nupanga cithunzi ca ngondya zitatu. Ikadathamanga mamita 10 pa sekondi kuyambira paciyambi, ikadayenda mamita 100. Koma ngondya zitatu ndizo theka la ngondya zinai, cotero yayenda mamita 50. Cenjerani, ana a sukulu: mzere wokwerawo suli citunda ai, pakuti njinga iri kutsika. Cimene cikwera ndi liwiro.

M'caka ca 1609 Galileo anadzipangira coonera zakutali, ndipo mu 1610 anaona miyezi inai yozungulira Jupiter. Anaphunzitsa kuti dziko lizungulira dzuwa, ndipo cifukwa ca ici anamzenga mlandu ku Roma mu 1633, namlamula akhale m'nyumba mwace ku Arcetri, pafupi ndi Florence, masiku onse a moyo wace. Mwana wace wamkazi wokondedwa, Maria Celeste, anamwalira mu 1634, ndipo maso a nkhalambayo anayamba kucita khungu. Koma sanataye mtima. Anasonkhanitsa zonse anaziyesa ku Padua, nazilemba m'buku limene linasindikizidwa ku Leiden, m'dziko la Holland, mu 1638. Anamwalira pa 8 January 1642, ali ndi zaka 77.

Munthu uyu atiphunzitsa kuti cinthu sicikhala coona cifukwa akuru acinena kwa zaka zambiri. Thabwa, mpira ndi madzi zinamkwanira, popeza anayesa moleza mtima, nalemba cimene anaona, osaonjezapo kanthu. Mwana wanu akabwera ndi galafu m'kope mwace, khalani naye pansi, mumfunse cimene mzere wogona uyesa ndi cimene mzere woima uyesa. Akayankha ziwirizi, ulendo wonse auwerenga yekha.