Ferruccio Lamborghini: wamathirakitala amene adatopa ndi galimoto za eni

Dzina la Lamborghini likatchulidwa lero, ambiri amaona m'maganizo galimoto yaifupi, yonyezimira, yothamanga koopsa, imene amagula ndi anthu a chuma chankhaninkhani. Koma mwini dzinali, Ferruccio Lamborghini wa ku Italy, adalemera ndi mathirakitala. Galimoto zaliwiro adayamba kupanga ali ndi zaka 47, atakhala kaye kasitomala wa makampani ena kwa zaka zambiri. Adagula ndi kuyendetsa Alfa Romeo, Lancia, Mercedes-Benz, Jaguar, Maserati ndi Ferrari, ndipo palibe imene idamufika pamtima kwathunthu. Moyo wake umaonetsa kusiyana kwa chisangalalo cha tsiku logula galimoto ndi zimene mwini wake amakumana nazo akakhala nayo zaka.

Ferruccio adabadwa pa 28 April 1916 m'mudzi wa Renazzo, pafupi ndi tawuni ya Cento, kumpoto kwa Italy. Makolo ake, Antonio ndi Evelina, adali alimi a mphesa. Mnyamatayu adakonda zipangizo zolimira kuposa ulimi weniweniwo, choncho adakaphunzira zaumakaniko kusukulu yophunzitsa luso la manja kufupi ndi mzinda wa Bologna. Mu 1940 adamulemba usilikali m'gulu la nkhondo la m'mlengalenga la dziko lake ndi kumutumiza kuchilumba cha Rhodes, kumene ntchito yake idali yokonza galimoto za asilikali. Zipangizo zinkasowa, ndipo adaphunzira kudzutsa injini yakufa ndi chilichonse chimene chidalipo. Asilikali a Britain atalanda chilumbacho mu 1945 adamugwira ukaidi, ndipo adabwerera kwawo chaka chotsatira.

Atafika adakwatira Clelia Monti ndi kutsegula galaja ku Pieve di Cento. Banjalo silidakhalitse chifukwa mayiyo adamwalira mu 1947 pobereka mwana wawo wamwamuna, Tonino. Mu 1948 Ferruccio adalowa mpikisano wotchuka wa Mille Miglia, umene galimoto zinkathamanga makilomita oposa 1,600 m'misewu ya anthu onse. Adalowa ndi kagalimoto ka Fiat Topolino kamene adakawonjezera mphamvu yekha, koma ulendo udathera pakhoma la nyumba yodyera imene adaiwomba. Chichokereni tsiku limenelo, mipikisano ya galimoto adaizira.

Chuma chidachokera kumunda. Nkhondo itatha, alimi a ku Italy ankafuna mathirakitala koma ndalama adalibe, pamene galimoto zimene asilikali adasiya zidali mbwee. Ferruccio ankagula injini za Morris ndi zitsulo zina zotsala kunkhondo n'kupanga thirakitala yotsika mtengo imene adaitcha Carioca. Poona kuti petulo adali wodula kwambiri, adaikamo kachipangizo kochititsa kuti injini ilire ndi petulo poyamba, ikatentha iyambe kumwa mafuta otsika mtengo. Kampani ya Lamborghini Trattori idakula mwachangu, ndipo cha mu 1959 adatsegula ina yopanga zipangizo zotenthetsera ndi zoziziritsira m'nyumba. Mlimi wa ku Kapondo m'boma la Mchinji amene adaonapo thirakitala itaima pakati pa munda mvula yoyamba itagwa, kudikira chitsulo chochokera kutali, angamvetse chimene chidamanga malonda a mkuluyu. Iye ankadziwa kuti makina akafa pa nthawi yolima, mlimi waluza chaka chathunthu. Maganizo omwewo ndiwo ankayezera galimoto zake zodula.

Ndalama zitachuluka, galimoto adali nazo zokwanira kusintha tsiku lililonse la sabata. Iliyonse idali ndi ubwino wake ndi chilema chake. Mercedes-Benz 300SL, imene idatuluka mu 1954, idali ya luso lapamwamba. Mafuta ankapoperedwa mwachindunji m'masilinda ake 6, chinthu chimene galimoto zambiri za nthawiyo zidalibe. Koma mtundu wake woyamba, wa zitseko zotsekukira m'mwamba, udali wovuta kukwera ndi wotentha m'kati, komanso kumbuyo kwake kunkaterereka dalaivala akasiya mafuta mwadzidzidzi pakona. Jaguar E-Type ya ku England, imene idabwera mu 1961, inkafika makilomita pafupifupi 240 pa ola pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Ferrari, koma zoyambirirazo magiya ake adali olimba ndipo malo a miyendo adali ochepa. Maserati 3500 GT, imene Ferruccio adagula ziwiri, idali yabwino paulendo wautali. Mwini kampaniyo, Adolfo Orsi, ankamulemekeza chifukwa naye adadzikweza yekha kuchokera muumphawi, koma galimoto zakezo ankaziona zolemera ndi zosathamanga mokwanira.

Mu 1958 adapita ku Maranello kukagula Ferrari 250 GT, ya injini ya masilinda 12, ndipo m'zaka zotsatira adagulanso zina za mtundu womwewo. Paliwiro adakhutira. Chimene sadakhutire nacho chidali phokoso, kugwedeza, ndi m'kati mosapangidwa bwino. Kwa iye, Ferrari idali galimoto ya mpikisano imene angoiveka chovala cha pamsewu. Zidalidi pafupi ndi choonadi, pakuti Enzo Ferrari mtima wake udali kumipikisano, ndipo galimoto za pamsewu ankagulitsa kuti apeze ndalama zoyendetsera timu yake yothamanga. Chidamupweteka kwambiri Ferruccio ndi kilachi, imene inkapsa kawirikawiri. Ikatero amayenera kupita nayo galimoto ku Maranello, kumene amakaniko ankalowa nayo m'kati kwa maola ambiri osamulola kuona chimene akuchita. Kwa munthu amene adakula ndi sipanala m'manja, chimenechi chidali chipongwe.

Anthu amene adagwira naye ntchito ankasimba kuti tsiku lina adauza makaniko wa kufakitale yake ya mathirakitala kuti aimasule galimotoyo, ndipo adapeza kuti kilachi yake sinkasiyana kwenikweni ndi imene ankaika m'mathirakitala, ngakhale mtengo wake udali wokwera kangapo. Ferruccio adakadandaula kwa Enzo Ferrari mwini wake. Malinga ndi momwe iye ankafotokozera pambuyo pake, Ferrari adamunyoza kuti vuto silidali la galimoto koma la woyendetsa, amene ankangodziwa za mathirakitala. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Ferrari sadamve. Ferruccio adaona zinthu ziwiri: kuti padali anthu olemera ofuna galimoto yothamanga koma yosasautsa, komanso kuti chitsulo chimodzimodzi chimabweretsa phindu lalikulu chikakhala m'galimoto yodula kusiyana ndi m'thirakitala.

Mu 1963 adakhazikitsa kampani ya Automobili Lamborghini ku Sant'Agata Bolognese, makilomita osakwana 50 kuchokera pakhomo pa Ferrari. Chizindikiro cha Ferrari ndi hatchi, iye adasankha ng'ombe yamphongo. Injini adapatsa Giotto Bizzarrini, katswiri amene adachoka ku Ferrari mu 1961 atasemphana ndi akuluakulu a kumeneko. Adalembanso anyamata awiri a zaka za m'ma 20, Gian Paolo Dallara ndi Paolo Stanzani, pamodzi ndi Bob Wallace wa ku New Zealand woyesa galimoto pamsewu. Bizzarrini adapanga injini ya malita 3.5 ndi masilinda 12, ya mphamvu yoposa ya mahatchi 350, monga amayezera mphamvu ya injini. Ferruccio sadakondwe nayo chifukwa idali ya mpikisano, yofuna kupondedwa mwamphamvu nthawi zonse. Adalamula kuti aifewetse, ndipo mphamvu yake idatsika kufika pa mahatchi 280 kuti izitha kuyenda bwinobwino m'tawuni ndi kukhalitsa.

Galimoto yoyeserera, 350 GTV, adaionetsa ku Turin kumapeto kwa 1963 ilibe injini m'kati, chifukwa injiniyo sidakwane pansi pa boneti. Yogulitsa yeniyeni, 350 GT, idaonekera ku Geneva mu March 1964, thupi lake la aluminiyamu litapangidwa ndi kampani ya Touring ya ku Milan. M'galimoto imeneyi mudali mayankho a madandaulo ake onse. Idali ndi magiya 5, m'kati mwachikopa mosokedwa bwino, ndipo teyala lililonse linkakwera ndi kutsika palokha pamabampu, pamene Ferrari 250 GT mateyala ake akumbuyo adali olumikizidwa ndi chitsulo chimodzi, limodzi likagunda dzenje linzake limagwedezeka nalo. Inkafika makilomita pafupifupi 250 pa ola, liwiro loti msewu ukadalola, ulendo wa Lilongwe mpaka ku boma la Mchinji sukadakwana theka la ola. Adapanga pafupifupi 120 zokha, ndipo zoyambirirazo ankazigulitsa moluza kuti akope makasitomala a Ferrari.

Chodabwitsa n'chakuti galimoto imene idatchukitsa dzina lake si imene iye ankaifuna. Dallara, Stanzani ndi Wallace ankakonda mipikisano, ndipo akaweruka ankajambula galimoto ya injini yokhala chopingasa kumbuyo kwa mpando wa dalaivala, monga zimakhalira galimoto za mpikisano. Ferruccio adawalola poganiza kuti ithandiza kutsatsa malonda basi. Chigoba chake chitaonetsedwa ku Turin mu 1965, anthu adayamba kupereka maoda thupi lisanapangidwe n'komwe. Mu March 1966 idatulukira ku Geneva ndi thupi lojambulidwa ndi Marcello Gandini wa kampani ya Bertone. Adaitcha Miura, dzina la banja loweta ng'ombe zolusa kufupi ndi Seville ku Spain, kumene Ferruccio adakachezako mu 1962. Injini yake ya malita 3.9 inkatulutsa mphamvu ya mahatchi 350, ndipo inkapyola makilomita 270 pa ola.

Koma kukhala ndi Miura kudali ndi mtengo wake. Injini idali pafupi kwambiri ndi msana wa dalaivala, choncho phokoso ndi kutentha zinkalowa m'kati. Kumbuyo kunkaoneka movutikira. Thanki ya mafuta idali kutsogolo, ndipo mafuta akamachepa mphuno ya galimoto inkapepuka, chiwongolero n'kumamveka ngati sichikugwira pansi paliwiro lalikulu. Zina mwa zimene Ferruccio ankadana nazo pa Ferrari zidabwerera m'galimoto ya dzina lake, koma ogula sadasamale, ndipo pofika 1973 adali atapanga zoposa 700. Zogwirizana ndi mtima wake zidali Espada ya 1968, ya mipando inayi, imene idapangidwa yoposa 1,200, ndi Jarama ya 1970, imene ankaikonda chifukwa idali yothamanga koma yosatopetsa. Ngakhale anyamata ake adamuchonderera, kampani yake sadailowetse m'mipikisano nthawi yonse imene idali m'manja mwake.

Kugwa kwake kudayambira kumene chuma chidachokera. Pafupifupi theka la mathirakitala ake ankagulitsidwa kunja. Mu 1971 woitanitsa wake wa ku South Africa adathetsa maoda onse, ndipo ku Bolivia boma la asilikali limene lidalanda ulamuliro chaka chomwecho lidakana mathirakitala ambiri amene boma lakale lidaitanitsa. Malamulo a ntchito ndi mphamvu ya mabungwe a ogwira ntchito sizidamulole kuchepetsa antchito. Kampani ya mathirakitala adaigulitsa kwa opikisana nawo a SAME, ndipo mu 1972 adagulitsa magawo 51 pa 100 alionse a kampani ya galimoto kwa Georges-Henri Rossetti wa ku Switzerland. Mitengo ya mafuta itakwera padziko lonse mu 1973, ogula galimoto za masilinda 12 adachepa, ndipo mu 1974 adagulitsa magawo otsalawo kwa René Leimer. Kampaniyo idagwa mu 1978, idadutsa m'manja ambiri kuphatikizapo Chrysler ya ku America kuyambira 1987, kufikira Audi ya ku Germany idaigula mu 1998.

Ferruccio adasamukira kumunda wake wa mahekitala pafupifupi 300 m'mphepete mwa nyanja ya Trasimeno m'chigawo cha Umbria, kumene adalima mphesa ndi kupanga vinyo, ntchito ya makolo ake imene adaithawa ali mnyamata. Mwana wake wamkazi, Patrizia, adabadwa iye ali ndi zaka 58. Adadwala mtima ndipo adamwalira m'chipatala ku Perugia pa 20 February 1993 ali ndi zaka 76, patatha zaka zosakwana zisanu Enzo Ferrari atamwalira. Adaikidwa kwawo ku Renazzo. Mwana wake Tonino adatsegula nyumba yosungiramo mbiri ya bambo ake, mmene mathirakitala akale adayalidwa pamodzi ndi galimoto zaliwiro.

Ochepa mwa Amalawi adzagwirapo chiwongolero cha Miura kapena Ferrari, koma mafunso amene Ferruccio ankafunsa ndi omwewo amene amakumana ndi aliyense woitanitsa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira. Chithunzi chimaonetsa kukongola, pepala limaonetsa kukula kwa injini, koma zonsezi sizinena kuti kilachi kapena giyabokosi ikafa idzapezeka kuti, pa mtengo wanji, ndiponso ngati wogulitsayo adzamvera dandaulo. Ferruccio adali ndi ndalama zoyankhira mafunsowo pomanga fakitale yake. Wogula wamba alibe mwayi umenewo, choncho nthawi yake yofunsa ndi pamene ndalama zikadali m'thumba.