Leonhard Euler ndi Nambala Yaikulu

Leonhard Euler anabadwa m'chaka cha 1707 m'mudzi waukulu wa Basel, m'dziko la Switzerland. Atate wake anali mbusa wa mpingo, nafuna kuti mwanayo adzakhalenso mbusa. Koma mphunzitsi womveka, dzina lake Johann Bernoulli, poona luntha la mnyamatayo pa masamu, anawapempha kuti amlole atsate zimenezo. Ali ndi zaka 20, Euler anamuka ku St Petersburg, ku Russia, nakhala pakati pa anthu ophunzira a kumeneko.

Kuti mumve chimene anachita, ana inu, muyambe mwadziwa ichi. Zilipo nambala zimene sizigawika popanda chotsala, koma ndi 1 kapena ndi izo zokha, monga 7 ndi 13. M'chaka cha 1640 Mfalansa wina, Pierre de Fermat, analingalira za mndandanda uwu: 3, 5, 17, 257, 65,537. Mapangidwe ake ndi otere: pa 5 chotsani 1, patsala 4, chulukitsani 4 ndi 4, muonjezepo 1, mwapeza 17. Chitani momwemo ndi 17, mupeza 257. Zisanu zonsezi n'zosagawika, ndipo Fermat anakhulupirira kuti zonse zotsatira zidzatero, angakhale sanathe kutsimikiza.

Yachisanu ndi chimodzi ndiyo 4,294,967,297. Munthu atati awerenge kufikira pamenepo, nambala imodzi pa sekondi, usana ndi usiku osagona, angathe zaka 136. Nanga ndani akadalimba mtima kuigawa ndi cholembera chokha? Zinapita zaka zoposa 90 mawu a Fermat ali chiimire. Koma mu 1732 Euler, ali ndi zaka 25, anaonetsa kuti nambalayo ituluka pochulukitsa 641 ndi 6,700,417. Yesani nokha pa sileti, mudzaona kuti sanaphonye. Pambuyo pake anafotokoza njira yake, ndipo njirayo ndi yokoma koposa yankho lomwe: chogawira chiyenera kukhala nambala imene itsala 1 poigawa ndi 64, ndiyo 65, 129, 193, kunka m'tsogolo. Yakhumi mwa izi ndi 641. Kufikira lero, ngakhale ndi makompyuta, sanapezenso ina yosagawika mumndandandawo kupyola 65,537.

Diso lake lamanja linafa asanakalambe. Anakhala ku Berlin zaka 25, nabwerera ku St Petersburg mu 1766. Ndipo mu 1771 khungu linamgwira ndithu, nyumba yakenso inapsa ndi moto chaka chomwecho. Koma sanaleke ntchito. Amawerengera mumtima, ana ake ndi omthandiza nalemba zimene iye ananena, kotero kuti mu 1772 anatsimikiza kuti 2,147,483,647 ndi yosagawika. Anamwalira pa 18 September 1783, ali ndi zaka 76, nasiya zolemba zochuluka zimene anzake anakhala akusindikiza zaka zoposa 40.