Arthur Harris: Manijala wa Famu ku Mazowe Amene Anadzalamulira Ndege za Mabomba

M'chaka cha 1910, mnyamata wa ku England wa zaka 17 anatsika sitima padoko la Beira n'kukwera sitima ya pamtunda yopita ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Dzina lake linali Arthur Travers Harris, wobadwira ku Cheltenham pa 13 Epulo 1892. Bambo ake ankafuna kuti akhale msilikali kapena wogwira ntchito m'boma, koma iye ankalakalaka ulimi.

Atagwirako ntchito kumigodi ndi yoyendetsa ngolo, mu 1913 analembedwa ntchito pafamu ya Lowdale, pafupi ndi Mazowe m'chigawo cha Mashonaland, ndipo posakhalitsa anakhala manijala. Chigwa chachondechi atsamunda anali atachilanda kwa Ashona, amene anadzuka kumenyera nthaka yawo mu 1896 ndi 1897. Ambiri mwa ogwira makasu m'mafamu a chigawochi ankachokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, Harris anapita kukalembetsa m'gulu la 1st Rhodesia Regiment. Malo anali atatsala pang'ono kutha, choncho analowa ngati woimba lipenga, luso limene anaphunzira kusukulu. Mu 1915 gululi linayenda mitunda italiitali wapansi m'chipululu cha South West Africa, kumene lero ndi Namibia, ndipo kumeneko anaona koyamba ndege ya Ajeremani ikuponya mabomba. Kutopa ndi ulendo wapansiwo kunam'chititsa kulowa gulu la ndege zankhondo la Britain chaka chomwecho. Ku Lowdale sanakhalekonso, ngakhale kuti ankadzitenga ngati munthu wa ku Rhodesia.

Njira yoopseza anthu ndi mabomba anaizolowera m'maiko a atsamunda. M'zaka za m'ma 1920 anatsogolera ndege zimene zinkaphulitsa midzi ya anthu oukira ulamuliro wa Britain ku Iraq. Mu Febuluwale 1942 anapatsidwa udindo wolamulira Bomber Command, nthambi ya ndege za mabomba ya Royal Air Force. Mfundo yophulitsa mizinda yathunthu inachokera kuboma, koma Harris anaikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo sanaisiye ngakhale akuluakulu anzake atamuuza kuti alimbane ndi malo oyengera mafuta. Mu Meyi 1942 anatumiza ndege zoposa 1,000 ku Cologne usiku umodzi. Ku Hamburg mu 1943 kunafa anthu pafupifupi 40,000, ndipo ku Dresden mu Febuluwale 1945 kunafa anthu pafupifupi 25,000, ambiri mwa iwo anthu wamba.

Anyamata amene ankawatuma nawonso ankatha ngati ntchentche. Mwa anthu pafupifupi 125,000 amene anauluka m'ndegezi, 55,573 anaphedwa. Ena anali a gulu la No. 44 Squadron, limene Harris mwiniwake analitsogolerapo pankhondo yoyamba. Mu 1941 gululi linatchedwa dzina la Rhodesia, ndipo linali loyamba kulandira ndege za mtundu wa Lancaster. Pabaji yake panali njovu yotengedwa pachidindo cha Lobengula, mfumu ya Andebele imene atsamunda omwewo anaigonjetsa. Mmodzi wa atsogoleri a gululi, John Nettleton, analandira mendulo ya Victoria Cross atatsogolera ulendo wa masana wokaphulitsa fakitale ku Augsburg mu Epulo 1942. Anafa mu Julaye 1943 akuchokera ku Turin, ndipo sukulu ina ku Braeside mumzinda wa Harare inapatsidwa dzina lake.

Nkhondo itatha, andale anayamba kuchita manyazi ndi mabwinja a mizinda ya ku Germany. Anyamata a Bomber Command sanapatsidwe mendulo yawoyawo, chinthu chimene chinam'pweteka kwambiri Harris. Anasamukira ku South Africa kumene anayendetsa kampani ya sitima zapamadzi ya Safmarine mpaka 1953. Anamwalira ku England pa 5 Epulo 1984. Chifanizo chake chitavundukulidwa ku London mu 1992 kunali zionetsero zotsutsa. Chipilala chokumbukira anyamatawo chinamangidwa mu 2012, ndipo kachizindikiro kolumikiza kumendulo kanaperekedwa mu 2013, ochuluka a iwo ali kale kumanda.

M'zaka zonsezo chikumbutso chenicheni chinali m'mabokosi a m'nyumba: zithunzi, mabaji, makalata, makamaka kabuku kamene aliyense ankalembamo tsiku, ndege, mzinda ndi maola a ulendo uliwonse. Timabuku tambiri timathera pakati pa tsamba. Lero mabanja amapereka zinthu zoterezi kuti zijambulidwe ndi kusungidwa ku International Bomber Command Centre mumzinda wa Lincoln, malo amene anatsegulidwa mu 2018 ndipo amasunganso umboni wa anthu amene mabombawo ankawagwera.

Palinso ena amene analibe kabuku. Mabwalo ophunzitsira oyendetsa ndege ku Southern Rhodesia, monga la Mount Hampden kumpoto chakumadzulo kwa Harare, anamangidwa ndi manja a anthu akuda, ndipo ambiri ankachita kuwagwira m'midzi mwa chibalo. Iwowa anabwerera kwawo opanda mendulo, opanda ngakhale chithunzi.