Dr. Robert Laws: Mbusa, Sing'anga ndi Mmisiri

Alipo anthu amene ayesa Chikhristu chovala cha pa Sabata, chimene munthu achipachika pa msomali Lolemba likafika. Moyo wa Dr. Robert Laws wa ku Livingstonia utsutsa maganizo otere.

A Laws anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1851. Atate awo anali mmisiri wa matabwa, ndipo iwonso anayamba ndi ntchito yomweyo asanaphunzire za ubusa ndi za mankhwala. M'chaka cha 1875 anafika pa Nyanja ya Malawi pa sitima ya Ilala, nakhazikika pa Cape Maclear pamodzi ndi anzawo.

Chiyambi chinali chowawa. Malungo anagoneka anzawo angapo m'manda, ndipo munthu woyamba kubatizidwa, Albert Namalambe, anabatizidwa m'chaka cha 1881, patapita zaka zoposa zisanu. Wina akadamanga katundu ndi kubwerera kwawo. Iwo anasamutsira Mishoni ku Bandawe chaka chomwecho, ndipo m'chaka cha 1894 anakwera phiri la Khondowe, kumene anatsegula sukulu ya Overtoun.

Pa sukuluyo Mawu a Mulungu sanalekanitsidwe ndi ntchito za manja. Mnyamata amene anawerenga Baibulo m'mawa anagwiranso macheka, nawumba njerwa, kapena kuphunzira kusindikiza mabuku ndi kusamala odwala. Madzi anafika pa Mishoni m'mipope, magetsi anayaka ndi mphamvu ya madzi, ndipo msewu wokhotakhota wa Gorodi unasemedwa kuchokera kunyanja. Kwa a Laws zonsezi zinali kupembedza, pakuti anakhulupirira kuti thupi, nzeru ndi mzimu nza Mwini mmodzi.

Komabe chilema sichinasowe. Mishoni inachedwa kupereka udindo kwa eni dziko: abusa oyamba, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'chaka cha 1914, ndipo a Mwasi anadzatuluka m'chaka cha 1933 nayambitsa mpingo wawo. Sukulu imene inaphunzitsa anthu kuti onse ngolingana pamaso pa Mulungu inawaphunzitsanso kufunsa chifukwa chake sanalingane pa ntchito. Levi Mumba ndi Clements Kadalie, amene anamenyera ufulu wa Aafirika, anatuluka m'menemo.

A Laws anachoka m'dziko muno m'chaka cha 1927, atatumikira zaka 52, namwalira ku London m'chaka cha 1934. Mpingo wa CCAP, umene anathandiza kuukhazikitsa m'chaka cha 1924, ulipobe ndi sukulu ndi zipatala zake.