YOHANE WA MULUNGU, WODWALA MISALA AMENE ANAMANGA CIPATALA

Anthu a ku Chongwe, ku Chalimbana ndi ku Kanakantapa akamapita ku Lusaka pa mseu wa Great East amapitira pafupi ndi cipatala ca Chainama. Ambiri amaliopa dzina limeneli, ndipo ena amalichula pofuna kunyoza anzao. Owerengeka okha ndiwo adziwa kuti pakati pa oyamba kusamalira odwala pa cipatalaco panali Abale a Cikatolika a gulu la Yohane wa Mulungu, munthu amene iye mwini anatsekeredwapo m'nyumba ya amisala, namangidwa ndi kukwapulidwa.

Dzina lace la ubwana linali João Cidade. Anabadwa m'caka ca 1495 m'mudzi wa Montemor-o-Novo, m'dziko la Portugal. Ali ndi zaka 8 cabe anacoka pa khomo la makolo ace, nakapezeka ku Oropesa m'dziko la Spain, kumene anakula akuweta nkhosa za eni. Atakula analowa usilikali m'gulu la nkhondo la mfumu Charles V. Ku Fuenterrabía anatsala pang'ono kupacikidwa cifukwa katundu amene anamuuza kulonda anabedwa. Pambuyo pace anapita ku nkhondo yomenyana ndi anthu a ku Turkey kufupi ndi Vienna. Pobwerera kwao anapeza makolo ace onse anamwalira kale-kale, ndipo anamva kuti amai ace anatsirizika posacedwa iye atasowa. Nkhani imeneyi inamlemera mumtima zaka zambiri.

Anaoloka nyanja kufika ku Ceuta, kumpoto kwa Africa, kumene anagwira nchito yomanga linga la mzinda. Atabwerera ku Spain anayamba kugulitsa mabuku ndi zithunzi za oyera mtima, potsiriza nakhazikika mu mzinda wa Granada.

Kumeneko ndiko kunacitika cinthu cimene cinasintha moyo wace. Pa 20 Januwale, tsiku la Sebastiano Woyera, iye ali ndi zaka zopitirira 40, anamva ulaliki wa wansembe wochuka, Juan de Ávila. Mau aja anamlasa kotero kuti anaturuka akulira mokuwa, akudziguguda pa cifuwa ndi kudzizula tsitsi. Mabuku ace ena anang'amba, ena anagawa, zobvala zace napatsa anthu, nayamba kubvimvinizika m'matope a m'miseu. Ana anamtsata akumponya miyala ndi kumseka, monga momwe ana amacitira ndi wamisala pa msika kufikira lero. Wolemba mbiri yace woyamba, Francisco de Castro, anati João anacita dala zimenezi kuti anthu amnyoze cifukwa ca macimo ace. Ena a masiku ano amaona kuti kunali kudwala kweni-kweni kwa munthu amene anasenza cisoni nthawi yaitali. Anthu a mu Granada sanafunse zambiri: anamtenga nakamtsekera m'cipatala ca mfumu, ku mbali ya amisala.

Mankhwala a misala masiku amenewo anali cingwe ndi mkwapulo. Osamalira odwala anali kukhulupirira kuti ululu ndiwo ubweza nzeru za munthu. João anamangidwa manja ndi miyendo, nakwapulidwa, ndipo pamene anadzudzula osamalirawo cifukwa ca nkhanza zimene anali kucitira odwala anzace, iwo anaonjezera zikoti.

Apa mpofunika kuyamikira nzeru za Juan de Ávila. Mlaliki wina akadanyadira kuti ulaliki wace wagwedeza munthu, kapena akadamuonjezera masiku osala kudya. Iye anacita zina. Anamlangiza kuti aleke kudzizunza, ayambe kuyang'ana zosowa za anzace, ndipo anakhala mlangizi wace wa zauzimu kufikira imfa. Mtima wa João utakhala pansi anammasula, nayamba kusesa m'zipinda ndi kusambitsa odwala anzace. M'menemo ndimo anatsimikiza mtima kuti adzakhala ndi nyumba yaceyace, mosungira amphawi ndi ozungulira mutu popanda mkwapulo.

Ataturuka anapita ku malo opatulika a Guadalupe, kumene amonke anali ndi zipatala. Pobwerera ku Granada anali kutola nkhuni m'thengo ndi kugulitsa, ndalama zace nagulira cakudya anthu ogona m'makonde. Pambuyo pace anapeza nyumba mu mseu wa Lucena. Odwala osatha kuyenda anali kuwabereka kumsana. Madzulo anali kuyenda m'miseu atasenza dengu, miphika iwiri ili m'manja, kupempha cakudya ca odwala ace. Akumbukiridwa cifukwa copatula odwala monga mwa matenda ao ndi kupatsa yense kama wace, pamene m'zipatala zambiri anthu angapo anali kugona pa kama mmodzi. Pemphero linalipo m'nyumbamo, koma linayendera pamodzi ndi cakudya, madzi osamba, copfunda ndi sing'anga.

Wowerenga Baibulo angakumbukire mutu 5 wa Marko, za munthu wokhala kumanda amene anthu a kwao analephera kumgwira ndi maunyolo. Yesu anamfunsa dzina lace, ndipo anthu anampeza atakhala pansi, atabvala, nzeru zace zili bwino, pambuyo pace namtumiza kwa abale ace. Nyumba ya João inatsata njira imeneyo. Banja limene lero limangirira mwana wao ku mtengo kuseri kwa nyumba, ngakhale likupemphera usiku wonse, likutsata njira ya anthu a maunyolo aja.

Anzace oyamba pa nchitoyi anali Antón Martín ndi Pedro Velasco. Antón anadza ku Granada kudzaimba mlandu Pedro cifukwa copha mbale wace, koma João anawayanjanitsa, onse awiri nakhala otumikira odwala. Bishopu wa ku Tuy, Sebastián Ramírez de Fuenleal, ndiye anambveka mkanjo ndi kumpatsa dzina la Yohane wa Mulungu. Pa za ndalama sanali wocenjera konse: anali kupatsa koposa zimene analandira, ndipo ngongole zinamtsata moyo wace wonse.

M'caka ca 1549 cipatala ca mfumu cija cinagwira moto. Yohane analowa m'malawi naturutsa odwala m'nyumba yomweyo imene anakwapulidwiramo. Patapita miyezi yowerengeka analumphira m'madzi ozizira a mtsinje wa Genil pofuna kupulumutsa mnyamata amene anali kumira. Mnyamatayo anatengedwa ndi madzi, ndipo Yohane anadwala cibayo. Anamwalira pa 8 Marichi 1550, ali ndi zaka 55.

Papa Pius V anabvomereza gulu la Abale ace mu 1572. Mu 1690 Yohane anachulidwa woyera, ndipo mu 1886 Papa Leo XIII anamuika kukhala nkhoswe ya zipatala ndi odwala. Akatolika amakumbukira tsiku lace pa 8 Marichi.

Kuno kwathu, kale odwala misala ambiri anali kutumizidwa kutali ku cipatala ca Ingutsheni ku Bulawayo, kumene abale ao sakanatha kukawaona. Chainama inatsegulidwa mu 1962, ndipo Abale a Yohane wa Mulungu ocokera ku England anatumikira m'menemo zaka zoyambazo. Ku Malawi, Abale a gulu lomwelo ocokera ku Ireland anayamba nchito yosamalira odwala matenda a maganizo mu mzinda wa Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, namangako ndi sukulu yophunzitsa anamwino ndi alangizi.