Cyril Smith, Mmisiri wa Limba

Cyril Smith anabadwira ku Middlesbrough, m'dziko la Mangalande, m'caka ca 1909. Anali katswiri woliza piyano, ndilo limba lalikulu la Azungu. Mu 1937 anakwatira Phyllis Sellick, nayenso woliza limba. Awiriwa anachuka poliza malimba awiri pamodzi, kuyankhizana monga zicita ng'oma pa gule ku Pembamoyo.

Koma mu 1956, ali paulendo ku Kharkiv, nthenda inamgwira mwadzidzidzi, dzanja lace lamanzere nilifa. Nanga woliza limba wa dzanja limodzi akadya ciani? Smith sanataye mtima. Nyimbo zao zinakonzedwanso kuti zilizidwe ndi manja atatu, awiri a mkazi, limodzi la mwamuna. Mu 1969 Malcolm Arnold anawapekera nyimbo yaoyao ya manja atatu. Smith anamwalira mu 1974.