Wodala Karl, Mfumu Yomwe Idafera Kuchilendo

Anzanga aseminale, ine nditapatsidwa mwayi wopita ku chilumba cha Madeira, ndingayambe ndi kukwera phiri kukafika kumudzi wa Monte. M'tchalitchi cha Amayi Maria kumeneko muli manda a Karl, mfumu yomaliza ya Austria ndi Hungary.

Karl adabadwa mu 1887, nakwatira Zita mu 1911. Adalowa ufumu mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Chimene chimandikhudza ine nchakuti sadafune kuti magazi apitirire kukhetsedwa. Mu 1917 adatuma mlamu wake Sixtus kukakambirana za mtendere mobisa ndi dziko la France, koma zidakanika, ndipo chinsinsicho chitaululika anthu adamunyoza kwambiri.

Nkhondo itatha, ufumu udagwa. Mu 1921 adayesa kawiri kubwerera pampando ku Hungary. Apa ndiye ndikuganiza kuti adapupuluma. Adamuthamangitsira ku Madeira komwe ankakhala m'nyumba yozizira, yachinyezi, ndalama zitamuthera. Chibayo chidamutenga pa 1 April 1922 ali ndi zaka 34 zokha, Zita ali woyembekezera mwana wachisanu ndi chitatu.

Papa John Paul II adamulengeza kukhala Wodala mu 2004. Mpingo umamukumbukira pa 21 October, tsiku la ukwati wake.